Foni Ikazima, Uthenga Usazime Nawo

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Moni wapadera kwa inu a kwa Mfumu Yaikulu Makhuwira, kuyambira ku Mapelera, Livunzu, Mitondo mpaka ku Nkhate, kaya mwatsegula wailesi muli pa msika, kaya muli pakhonde mwangoweruka ku sikimu ya mpunga. Lero tikambirana za foni imene muli nayo m'thumbamo, ngakhale ikhale ya mabatani yomanga ndi mphira. Muli malamulo angapo amene mungaipatse kuti munthu akakuimbirani uthenga wake usatayike panjira, ngakhale foniyo itazima. Pezani cholembera ndi pepala, kapena itanani mwana wasukulu akhale pafupi, chifukwa nditchula manambala ofunika kuwasunga.

Inu a kum'mawa kwa Shire mukudziwa bwino mmene madzi amabwerera kwanuko. Kumwamba kumatha kukhala kuli mbee, dontho la mvula osagwa, koma kumapiri a Thyolo kwavumba usiku wonse. Mwadzidzidzi mtsinje wa Livunzu wadzaza, wa Nkhate wasefukira, msewu wochokera pa Thabwa kupita ku Fatima waduka. Tidaziona mu Januwale 2015, tidazionanso mu Malichi 2019, kenaka namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Nthawi ya Ana madzi adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse lidalowa mumdima, ndipo kutchaja foni kudasanduka nkhani yaikulu.

Pa nthawi zotere chenjezo limayenda pa foni. Wa kumtunda amene waona madzi akukwera amaimbira wa kumunsi. Wapampando wa komiti yoona za ngozi m'mudzi amaimbira anyakwawa, anyakwawa amatuma anyamata kukuwa ndi kuimba wenzulo. Tsono taganizani: wa kumtunda uja waimba, koma akumva mawu akuti nambala imene mwaimbayi sikupezeka. Waimbanso, chimodzimodzi. Mwina batire la wapampando latha, mwina ali pamalo pobisika netiweki, mwina akulankhula ndi mlamu wake wa ku Nchalo za mtengo wa mbuzi. Mphindi khumi zimene zatayika pamenepo ndi zimene zikadakwanira kunyamula agogo ndi ana kupita nawo kumtunda. Vuto limeneli lili ndi mankhwala, ndipo mankhwala ake ali m'mabatani.

Choyamba timvetsetsane mmene foni imayendera. Mukaimba, mawu anu sauluka kuchoka pa foni yanu kukagwera pa foni ya mnzanu. Amayamba apita pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi nanu, ija imayaka kanyali kofiira usiku. Pansi pa nsanjapo pali makina, mabatire, ndipo malo ambiri pali jenereta kapena sola. Makinawo amatumiza kuimba kwanu ku makompyuta akuluakulu a kampani, ndipo kumeneko kuli kaundula wa nambala iliyonse: kuti nambala yakutiyakuti ndi yoyaka kapena yozima, ili pafupi ndi nsanja iti, ndiponso mwini wake adalamula kuti zichitike zotani akapanda kupezeka. Mainjiniya a kampani ali ndi mndandanda wawo wa malamulo umene amayendetsera makinawo. Koma gawo lina la malamulo adatisiyira ife eni manambala, ndipo ambiri sitiligwiritsa ntchito.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya lero, ndiye mumvetsetse. Mukalamula kuti anthu okuimbirani azitumizidwa ku nambala ina, lamulo limenelo silisungidwa mu foni yanu. Limakasungidwa mu kaundula wa kampani uja. Foni yanu itagwera m'madzi, itabedwa, kapena batire litatheratu, lamulo lija likugwirabe ntchito. Wokuimbirani aimba nambala yanu yomweyo imene amaidziwa, koma ilira foni ya akazi anu, ya mlembi wa komiti, kapena ya mwana wanu. Koma lamuloli limafuna netiweki kuti lifike ku kampani. Simungalipereke foni itanyowa kale. Muyenera kulipereka lero, kunja kudakali kouma.

Malamulowa sadapangidwe ndi Airtel kapena TNM. Ndi a mtundu wa netiweki wotchedwa GSM umene udayamba kugwira ntchito ku Finland mu 1991, n'kufika kuno kwathu pamene TNM idayamba mu 1995, kenaka Celtel mu 1999, imene idadzakhala Zain, ndipo kuyambira 2010 ndi Airtel. N'chifukwa chake manambala amene nditchulewa ndi amodzimodzi pa foni ya itel, Tecno, Nokia kapena Samsung, ndipo m'bale wanu amene ali ku Tete kapena ku Johannesburg amagwiritsa ntchito omwewa.

Tiyeni tiyambe ndi lofunika kuposa onse. Pa foni yanu pali batani la kanyenyezi, limene ambiri timati sitala, ndi lina la timizere topingasa, lija la hashi. Mumawadziwa kale, chifukwa ndi omwe mumadina polowetsa mayunitsi kapena potumiza ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money. Lembani motere: sitala, sitala, 62, sitala, kenaka nambala yonse ya munthu amene mukufuna kuti azikuyankhirani, pomaliza hashi. Mukatero dinani batani loimbira, lobiriwira lija. Ndibwereza pang'onopang'ono. Sitala kawiri. Sikisi, thuu. Sitala kamodzi. Nambala ya munthuyo. Hashi. Imbani. Foni ikulemberani uthenga wosonyeza kuti zatheka. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse imene foni yanu ili yozima kapena ili kopanda netiweki, wokuimbirani akafikira kwa munthu uja.

Ngati foni yanu ili ya masimu awiri, ikufunsani kuti lamuloli lipite pa simu iti. Sankhani mosamala, ndipo ngati manambala onse awiri anthu amawadziwa, chitani kawiri, simu iliyonse payokha. Ndipo langizo langa ndi ili: ngati nambala yanu ndi ya 088, sankhani wokuyankhirani wa 099, kapena wa 099 asankhe wa 088. Pa nthawi ya namondwe zimachitika kuti nsanja ya kampani imodzi yazima chifukwa mafuta a jenereta atha ndipo galimoto silingadutse pamlatho, pomwe ya kampani inayo ikadayakabe. Mukapereka lamulolo liyeseni pompo: zimitsani foni yanu, wina akuimbireni, muone ngati ikulira ya mnzanu uja. Ikakana, imbirani ku ofesi yothandiza makasitomala, 121 kwa a Airtel, 105 kwa a TNM, muwafunse. Muwafunsenso za mtengo wake, chifukwa mwa chizolowezi gawo lochoka pa nambala yanu kukafika pa ya mnzanuyo amalipiritsa inu. Ndiye kuti foni ya wapampando wa komiti isamakhale yopanda mayunitsi nyengo ya dzinja. Komiti ikhale pansi, isonkhe kangachepe, mayunitsiwo akhale a ntchito imeneyi basi.

Taonani mmene lamulo limodzili lingathandizire pa kampu. Anthu asonkhana pa sukulu kapena pa tchalitchi, magetsi kulibe, kumwamba kwatseka moti sola sikutchaja. Banja lili ndi mafoni atatu, onse mabatire ali theka. Mukawasiya onse oyaka, pofika mawa onse azima, makamaka chifukwa foni ikakhala pamalo pamene netiweki ndi yofooka imadya moto wambiri poyesetsa kufikira nsanja yakutali. Koma ngati bambo adalozetsa nambala yawo kwa mayi, mayi adalozetsa yawo kwa bambo, mwana naye adalozetsa kwa mayi, mutha kuzimitsa awiri n'kusiya ya mayi yokha. Achibale a ku Blantyre aimbe nambala iliyonse mwa zimenezo, ilira imene ili yoyakayo. Ya mayi ikatha moto, muyatsa ya bambo, ndipo oimbira mayi afikira pamenepo. Moto umene ukadatha tsiku limodzi mutha kuutalikitsa masiku angapo.

(Nyimbo yaifupi)

MUULUTSI: Tabwereranso, omvera. Ngati mwangotipeza kumene, tikukamba za malamulo amene mungapatse foni yanu kuti wokuimbirani asakusoweni.

Pali ena awiri ofanana ndi loyamba lija, mungosintha nambala yapakati. Mukaika 67 m'malo mwa 62, ndiye kuti oimba azipita kwa mnzanu nthawi imene inu mukulankhula ndi munthu wina. Mukaika 61, azipita kwa mnzanu foni yanu ikalira osayankhidwa, monga pamene mwaisiya m'nyumba inu muli kudimba. La 61 limalolanso kuti musankhe kuti foni ilire nthawi yaitali bwanji isanapite kwina: pambuyo pa nambala ya mnzanu muike sitala kawiri, kenaka masekondi, kenaka hashi. Masekondiwo amayenda asanuasanu, kuyambira 5 mpaka 30. Kwa achikulire amene amatenga nthawi kuti afike pamene pali foni, ikani 30.

Liliponso la 21, koma ili ndikuchenjezani. Limatumiza kwina kuimba kulikonse, foni yanu ili yoyaka, netiweki ili yodzaza, koma siidzalira ngakhale kamodzi. Lili ndi ntchito yake, monga pamene mukupita kukagonekedwa kuchipatala ndipo mukufuna kuti mwana wanu aziyankha zonse. Koma anthu ambiri amaliyatsa mosadziwa, kapena ana amaliyatsa posewera ndi foni, kenaka mwini wake amakhala sabata yathunthu akudandaula kuti abale amutaya. Mukafuna kuona ngati lili loyaka, dinani sitala, hashi, 21, hashi, muimbe. Ndipo pali lamulo limodzi lofufuta zonse zimene mudalozetsa: hashi, hashi, 002, hashi. Hashi kawiri, ziro, ziro, thuu, hashi. Limeneli lilembeni ndi zilembo zikuluzikulu. Dziwani kuti likafufuta limachotsanso la 62 lija, ndiye muyenera kuliikanso.

Amene simukonda kuloweza manambala, zonsezi ziliponso mu mndandanda wa foni. Lowani pa Settings, mupeze Call settings, ndipo muona Call divert kapena Call forwarding. Mkatimo muli zosankha zinayi zimene ndatchulazi. Njira zonse ziwiri zimakafika pa kaundula yemweyo.

Tsopano za wapampando uja amene akulankhula za mtengo wa mbuzi pamene wa kumtunda akumufuna. Dinani sitala, 43, hashi, muimbe. Mwayatsa chimene pa foni chalembedwa kuti Call waiting. Mukakhala pa foni wina n'kukuimbirani, mumva kakulira kakang'ono m'khutu, ndipo dzina lake lioneka pagalasi. Mukafuna kumuyankha osadula woyambayo, dinani 2 ndi batani loimbira, woyamba adikira. Mukadinanso chimodzimodzi mubwerera kwa iye. Mukafuna kudula woyamba kuti mulankhule ndi wachiwiri, dinani 1 ndi batani loimbira. Ine ndikuona kuti aliyense amene ali ndi udindo m'mudzi, kaya ndi anyakwawa, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi aakulu, abusa, mashehe, kapena wa kabaza amene amanyamula amayi oyembekezera usiku kupita nawo ku chipatala cha Makhuwira, sayenera kugona lero asanayatse limeneli. Ndi mabatani anayi okha.

Pamene muli ndi anthu awiri, mmodzi mukulankhula naye wina akudikira, mutha kuwaphatikiza kuti nonse atatu muzimvana: dinani 3 ndi batani loimbira, kapena sankhani Conference. Ngati nambala yanu ndi yololedwa kutero, mutha kuwonjezera anthu mpaka asanu. Komiti imene mamembala ake alekanitsidwa ndi mtsinje ingathe kupangana nthawi imodzi kuti anthu athawire kuti, m'malo moti uthenga uziyenda kwa mmodzimmodzi n'kumasintha panjira.

Pali chinthu china chimene timalakwitsa tonse pa nthawi ya ngozi, ndipo chimandikhudza kwambiri. Nsanja ya netiweki ili ngati bwato lowolotsa anthu pa Shire: malo ake ndi owerengeka, likadzaza ena amatsala pagombe. Pa netiweki ya 2G, imene mafoni ambiri a mabatani amagwiritsa ntchito, njira imodzi ya mafunde imagawidwa m'mipata isanu ndi itatu yokha, ndipo mipata ina mwa imeneyo imakhala ya makina okha kuti azilankhulana. Nsanja imakhala ndi njira zoterezi zingapo, koma sizochuluka moti mudzi wonse ungalankhule nthawi imodzi. Tsono madzi akabwera aliyense amagwira foni. Ikakana timabwerezabwereza kosalekeza, ena akungoflasha abale kuti awaimbire, ena akhala theka la ola akufotokoza mmene nkhuku zapitira. Pamenepo mayi amene wakwera mumtengo ndi mwana kumbuyo akulephera kupeza mpata woti aitane thandizo. Chonde, tsiku lotero lankhulani mwachidule: muli kuti, muli angati, mukufuna chiyani, basi dulani. Ikakana, dikirani pang'ono musanayesenso. Ndipo koposa zonse lembani meseji. Meseji imadutsa njira ya makina ija, imatenga kanthawi kochepa kwambiri, ndipo ikapeza foni ya mnzanu ili yozima imakadikira ku kampani kwa nthawi ndithu kuti ayatse. Kumbukirani kuti malamulo a 62, 61, 67 ndi 21 amatumiza kuimba kokha. Mameseji, kuphatikizapo a ndalama, amadikira simu yanu yomweyo.

(Nyimbo yaifupi)

MUULUTSI: Tisanamalize, tikambe za akuba, chifukwa mabatani omwewa iwonso amawadziwa. Munthu amakuimbirani ndi mawu aulemu, akuti ndi wa ku kampani ya foni, kapena wa bungwe logawa chithandizo, ndipo dzina lanu latuluka pa mndandanda wa olandira ndalama. Kenaka akuti kuti zitheke dinani sitala, sitala, 21, sitala, n'kukutchulirani nambala. Mukamvera, ndiye kuti mwam'patsa kuimba kwanu konse. Abale anu akaimba ayankha ndi iye, ndipo atha kuwauza kuti mwachita ngozi, atumize ndalama msanga. Pambuyo pa madzi osefukira, pamene anthu akuyembekezera chithandizo, ndi pamene bodza lotere limagwira anthu ambiri. Musadine lamulo lililonse limene mlendo akukuwerengerani pa foni, ndipo nambala yanu yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musauze munthu, ngakhale anene kuti ndi bwana wa kampani. Za chithandizo kafunseni kwa anyakwawa ndi komiti ya m'mudzi maso ndi maso. Ngati mwakayika kuti wina wagwira foni yanu, kaya potchajitsa pa msika kaya kwa wokonza, dinani hashi, hashi, 002, hashi, kenaka muikenso malamulo anu. Mukafufuza ndi sitala, hashi, 62, hashi n'kupeza nambala yachilendo, musafulumire kukangana ndi a m'nyumba mwanu. Nthawi zambiri imakhala ya kampani yomwe, ija imasunga mauthenga a mawu. Funsani ku 121 kapena 105 akuuzani.

Ndipo ndinene poyera kwa abambo ndi amayi: kulozetsa foni ya mnzanu kwa inu mobisa kuti muzimva amene amamuimbira ndi kuphwanya ufulu wake, ndipo kumapasula mabanja. Wokuyankhirani mumusankhe mogwirizana, iyenso adziwe, kuti foni ikalira usiku ndi mawu achilendo ofuna inu asadule poganiza kuti wina wasokoneza nambala. Mumuuze choti achite akamva kuti madzi akubwera.

Kanthu kena kakang'ono. Dinani sitala, hashi, 06, hashi. Patuluka nambala yaitali ya manambala 15. Imeneyo ndi ya foni yeniyeniyo, ndipo apolisi amaifuna foni ikabedwa. Ilembeni papepala pamodzi ndi manambala a anyakwawa, wapampando wa komiti, alangizi a zaumoyo ndi abale awiri kapena atatu. Muwonjezerepo 54747 ya Chipatala Cha Pa Foni ndi 116 yothandiza ana amene ali pa nkhanza. Pepalalo mulikulunge mu pulasitiki pamodzi ndi chiphaso cha unzika, chifukwa simu ikatayika chiphasocho ndi chimene adzakufunseni kuti akubwezereni nambala yanu yomweyo.

Kwa inu achinyamata amene zala zanu zidazolowera mabatani, ntchito iyi ndi yanu. Madzulo ano tengani foni ya agogo, ya amayi, ya amalume, muwaikire 62 ndi 43, muyese pamaso pawo kuti aone okha foni ina ikulira. Mafumu athu, pa msonkhano wa mudzi ukubwerawu patulani mphindi makumi awiri, aliyense atulutse foni, muchitire pamodzi. Aphunzitsi, lembani manambalawa pa bolodi ana akakopere makolo awo.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Ndibwereza komaliza kwa amene akulemba: sitala, sitala, 62, sitala, nambala ya wokuyankhirani, hashi. Sitala, 43, hashi. Ndipo pofufuta, hashi, hashi, 002, hashi. Musadikire mvula yoyamba, chitani lero wailesi isanazime.

(Nyimbo yotsekera)